Mphindi Imodzi Yathunthu

Aliyense amene anagonapo ku Dedza mwezi wa June amadziwa kuti kuzizira kwake si kwamasewera. Nkhungu imatsika m'phiri madzulo n'kukuta tauni yonse mpaka ku Bembeke, ndipo m'mawa zala zimachita kuuma. Nyengo imeneyi wodi ya ana imadzaza ndi odwala chibayo. Munali m'wodi yotere, pachipatala china cha m'mapiri amenewa, momwe ndinakumana ndi mphunzitsi amene mpaka lero ndimayezera aphunzitsi ena onse.

Chinali chaka cha 2005, ine ndili wophunzira unamwino. Masiku amenewo anamwino ambiri anali atapita kukagwira ntchito ku Britain, ndipo boma linali litangokweza malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti pofuna kuti otsalawo asachoke. Sukulu za anamwino zinkalemba ophunzira ochuluka, koma otiyang'anira m'mawodi anali owerengeka. Ena mwa iwo ankangotisandutsa atumiki: tenga ichi, kataye icho. Ena ankatikalipira pamaso pa odwala mpaka manja kunjenjemera, jakisoni n'kumaoneka ngati mkondo. Sindiwaweruza kwambiri, pakuti kutopa kumachotsa ulemu.

Amene ndikunenawa tinkangowatchula kuti Sisitala. Tsiku lina madzulo anandituma kuyeza ana onse ndi kulemba pamakhadi awo. Anawo analipo ambiri, ena awiri pabedi limodzi, ndipo njala inali itandipweteka. Nditafika pa kamwana ka miyezi isanu ndi itatu, ndinaona kali phee kumsana kwa mayi ake, kokutidwa ndi zitenje ziwiri. Ndinachita ulesi kukavundukula. Ndinangoyang'ana nambala ya m'mawa, 44, n'kuilembanso.

Sisitala podutsa anatenga khadi lija, nayang'ana mwana, kenaka ine. Sanakweze mawu.

"Mayi, pepani, timutsitse mwanayu pang'ono timuone pachifuwa," anatero. Atatero anavula wotchi yawo n'kundipatsa. "Mwanangu, tiwerengere limodzi. Iwe mokweza, ine chamumtima."

Inu owerenga, mphindi imodzi ndi yaitali ukakhala ndi mlandu. Ndinawerenga kupuma kwa mwana uja mpaka kufika pa 66. M'kalasi tinaphunzira kuti mwana wa miyezi iwiri mpaka chaka akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, ndiye kuti akupuma mothamanga, ndipo ine pamayeso ndinakhoza funso limenelo. Koma chomwe buku silinandionetse ndi chimene Sisitala analoza ndi chala: m'munsi mwa chifuwa munkalowa m'kati nthawi iliyonse mwana akakoka mpweya.

"Ukuona chiyani? Nanga tichite chiyani?" anandifunsa.

Yankho ankalidziwa, ndipo akanatha kundikankhira pambali n'kuchita zonse okha msangamsanga. M'malo mwake anandisiya ndinene ndekha kuti chibayo chakula, ndithamange kukaitana adokotala, ndilumikize mwanayo kumakina a okosijeni ndi manja angawa. Iwo anali chilili pambali panga, maso ali pa mwana, okonzeka kulanda ntchitoyo ndikangophonya.

Za bodza langa anandifunsa usiku, tili awiri m'kachipinda kosungira mankhwala. Ndinayembekeza kuti andilembera lipoti kusukulu. Iwo anangoti, "Ukalemba nambala yabodza, amene akubwera pambuyo pako amaikhulupirira. Ukalephera kuyeza, siya malo osalemba, udzandiuze." Anawonjeza kuti nawonso ali wophunzira anachitapo zofanana ndi zomwezo, ndipo mwana wake sanachire. Sindinamvepo mphunzitsi wina akuulula chotere kwa wophunzira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amaganiza kuti mphunzitsi wabwino wa m'wodi ndi wodziwa zambiri kapena woopedwa. Ine ndinaona kuti woopedwa amaphunzitsa ophunzira kubisa zolakwa, ndipo cholakwa chobisika m'chipatala chimathera kumanda. Sisitala sankasekerera ulesi ngakhale pang'ono, koma kwa iwo unkatha kupita n'kunena kuti ndalakwitsa. Sabata yonse yotsatira ankabwereza kuwerenga mwana mmodzi mwa amene ndayeza, osandiuza kuti asankha uti.

Kamwana kaja kanatuluka patatha masiku asanu ndi limodzi. Mayi ake, amene kwawo kunali kutsidya kwa malire ku Angonia, anabweranso ndi kathumba ka mbatata ya kachewere n'kupatsa Sisitala. Iwo anandiitana nati, "Nyamula, ndi yako. Unawerenga ndiwe."