Galimoto Yokalamba ya pa Chiringa

Pamsika wa Chiringa, m'munsi mwa phiri la Michesi, pamaima galimoto ya mtundu wa Peugeot 404 imene ana amaiseka koma ogula nandolo amaidalira. Galimoto zoterezi zidayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya adaleka kuzilumikiza mu 1991. N'chifukwa chake zipangizo zake n'zosowa.

Injini itafa, mwini wake, mkulu wa imvi, adaikamo ya dizilo ya Toyota. Adaonjezera masipuling'i ndi kuwotcherera zitsulo kumbuyo kuti izisenza matumba ambiri. Chidatsala ndi lamulo. Nambala ya injiniyo idasiyana ndi yolembedwa m'buku la galimoto, choncho adayenera kukalembetsa kusinthako ku Blantyre asanapemphe chiphaso cha COF. Anzake adamunong'oneza kuti azingoyenda usiku, kuzemba apolisi. Iye adakana, poti mabuleki opangidwira katundu wochepa sasamala kuti kunja kwada galimoto ikafika pamtsetse. Adakonzetsa mabulekiwo nagula matayala, ndalama zonse za mpendadzuwa wa chaka chimenecho n'kuthera pomwepo. Oyeza adaibweza kamodzi chifukwa cha nyali. Ulendo wachiwiri idapambana.