Ulendo wa ku Angonia: Khasu ndi Lathu, Mvula ndi ya Mwini Wake

M'mwezi wa Novembala tinanyamuka mumzinda wa Tete mbandakucha pa galimoto ya chapa, kulinga ku Ulongwe. Tinawoloka mtsinje wa Zambezi dzuwa lisanatuluke, koma thukuta linali litayamba kale, pakuti kutentha kwa ku Tete sikudikira masana. Tinadutsa Moatize, kwa malasha, kumene ambiri a ife timapezako chakudya cha ana athu, ndipo pa Mussacama tinapatukira kumpoto ndi kuyamba kukwera mapiri.

Tivomereze poyera kuti matupi okha ndiwo anali m'galimotomo. Mitima inatsala m'mbuyo. Wina anali kuwerenga masiku amene anapempha kuntchito, wina ngongole ya feteleza amene tinanyamulira makolo athu, wina mwana amene anamusiya akutentha thupi. Tinapemphera ponyamuka, koma pempherolo linatha msanga kuposa nkhawa zathu.

Pamene tinafika pamwamba, mphepo yozizira inatilandira. Minda inali itagaulidwa kale, mizere ili ndondondo kudikira mvula. M'mbali mwa msewu amayi anali kugulitsa mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi. Dziko la Angonia limadyetsa anthu ambiri, koma mwini munda aliyense amadziwa kuti alibe mphamvu pa mtambo ngakhale umodzi.

Mpingo wa kuno unaphunzira phunziro lomweli m'njira yowawa. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula misoni ya Mphatso m'chaka cha 1909, koma mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchito yawo. Akhristu anatsala opanda abusa zaka zambirimbiri. Akulu a mpingo anapitiriza kusonkhanitsa anthu, ndipo ofuna ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye ankawoloka malire wapansi kupita ku mipingo ya ku Malawi. Pambuyo pake inadza nkhondo, midzi inasanduka mabwinja, anthu nathawira kutsidya kufikira mtendere wa mu 1992. Koma mu 1994 sukulu ya ubusa ya Hefsiba inatsegulidwa pa Ulongwe pomwepo. Mbewu imene ambiri anaiyesa yowola inali kumera pansi pa nthaka.

Usiku umene tinafika, mvula yoyamba inagwa. M'mawa mudzi wonse unali kumunda, ndipo nafenso tinatsagana ndi mkulu wa mpingo amene anatilandira, nkhalamba ya imvi imene inakhalako ku misasa ya othawa nkhondo. Poona chimanga chikukwiriridwa, mmodzi wa ife anafunsa kuti, “Agogo, kodi simuopa kuti mvula ingadule, mbewu yonseyi n'kupserera?” Iwo anaweramuka pang'ono nayankha kuti, “Ana anga, khasu ndi langa, mvula ndi ya Mwini wake. Ndikatha gawo langa, usiku ndimagona.” Atatero anawerama, napitiriza kubzala.

Mawu amenewa anatikumbutsa fanizo la Ambuye Yesu pa Marko 4, la munthu wofesa mbewu amene amagona ndi kudzuka, mbewuyo ikumera mwa njira imene iye saidziwa. Agogowo sanakhale pakhonde kudikira chozizwitsa: anagaula nthawi ya dzuwa, nasunga mbewu ngakhale m'miyezi ya njala. Komanso sanalande ntchito ya Mulungu. Ife a m'tauni timalakwa mbali zonse ziwiri. Nthawi zina timatcha ulesi wathu chikhulupiriro, ndipo nthawi zambiri timafuna kusenza khasu ndi mitambo yomwe, mpaka tsiku la Ambuye timalisandutsa tsiku lowerengera ngongole.

Tinatsika kubwerera ku Tete patapita masiku atatu. Ngongole tinaipeza ilipobe, ntchito ikutidikira, ndipo sitinadziwe ngati chimanga chija chidzakolola. Koma usiku umenewo tinapereka mwana wodwala uja m'manja mwa Ambuye, titamumwetsa mankhwala ake, ndipo tinagona. Ambuye atiphunzitse tonse kugwira gawo lathu mokhulupirika ndi kusiya gawo lake m'manja mwake.