Chombo sasankhira pamchenga

Adzukulu, akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambi umenewu ambiri amaunena pochenjeza mnyamata wofuna mbeta, koma anthu a kunyanja amaukumbukanso pamene munthu akugula chombo cha tanga. Imvani zimene zidachitikira mnyamata wina wa pachilumba cha Likoma.

Mnyamatayo adagwira ntchito ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi, nabwerera kwawo ndi ndalama zimene adasunga movutikira. Maganizo ake adali ogula chombo choti azikatengera nkhuni, chimanga ndi anthu ku Cobue, kutsidya la Mozambique, popeza Likoma ndi chilumba chamiyala chimene mitengo ndi minda yake siikwanira anthu onse. Ndalamazo zidali zokwanira chombo chimodzi basi. Akadalakwitsa, zaka zonse zija zikadapita m'madzi, mwinanso ndi miyoyo ya anthu.

Zombo zogulitsa zidalipo ziwiri. China chidali chatsopano, chowonda, chopakidwa utoto wobiriwira, cha mlongoti wautali ndi tanga loyera mbee. Chinzake chidali chitayenda zaka zingapo, chotakata pamimba, utoto utasuluka, tanga lili ndi zigamba ziwiri. Mtima wa mnyamatayo udagwa pa chatsopano chija. Komabe, pokumbukira kuti safunsa adadya phula, adapita kwa agogo ake aamuna, amene adakalambira pa tsigiro la chombo.

"Agogo, ndapeza chombo. Tiyeni mukangochiona ndisanapereke ndalama."

"Wapeza chombo cha ntchito yanji, mdzukulu wanga?" adafunsa motero nkhalambayo. "Uyambe wandiuza katundu wako, madooko ako ndi miyezi imene udzayenda. Chombo chimadziwika ndi ntchito yake."

Atafika kudooko, mkuluyo sadayang'ane utoto. Adazungulira chombo chatsopano chija kawiri, nagwada kuti aone kunsi kwake. Adafotokozera mdzukulu wake kuti chombo chowonda chimang'amba madzi msanga, koma chimapendekeka msanganso mphepo ikadzaza tanga. Chotakata pamimba chimayenda pang'onopang'ono, koma chimakhazikika ndipo chimasenza zambiri. Adamuonetsanso mtengo wa kunsi umene uli ngati msana wa chombo. Msana wozama umagwira madzi, kotero kuti mphepo ikamaomba cham'mbali chombo sichitengeka ngati chikho, ndipo chimatha kukwera mphepo mokhotakhota. Vuto lake n'lakuti chimakhudza pansi chisanafike kumtunda. Msana wosazama umalola chombo kukocheza pamchenga penipeni, koma mphepo imachikankhira kumbali. Mmisiri aliyense amasankha pakati pa ziwirizi, ndipo wogula ayenera kudziwa chimene mmisiriyo adasankha.

Kenaka mkuluyo adakweza maso kumlongoti. "Tanga ili lakula kuposa mimba yake," adatero. "Pa kamphepo kayaziyazi chidzasiya zombo zonse m'mbuyo. Nanga mwera ukadzuka uli pakati pa nyanja ndi matumba a chimanga?"

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, imene imaomba kwambiri kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita opitirira 560 kuchokera kummwera kufika kumpoto, ndipo pena imazama mamita pafupifupi 700. Popeza mwera umatsata utali wa nyanja, mafunde amakhala ndi mtunda wautali wokulira, ndiye akamafika pakati ndi kumpoto amakhala atatalika zedi. Mkuluyo adakumbutsa mdzukulu wake za sitima ya Vipya, imene idagubuduzika pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba, nipha anthu 145. Imeneyo idali sitima yachitsulo, yoyendera injini, ndiponso yatsopano. "Ngati nyanja idagonjetsa chitsulo," adatero, "iwe wa matabwa uziyenda nayo mwaulemu."

Atafika pa chombo chakale chija, mkuluyo adatenga kamwala nayamba kugogoda thabwa lililonse, khutu lili tcheru. Thabwa lamoyo limalira mouma, pamene lowola limayankha mogonthera ngati dzungu. Adalowetsa nsonga ya mpeni m'mizere ya pakati pa matabwa kuti aone ngati thonje lotsekera madzi lidakalimo. Adagwedeza nthiti za chombo imodziimodzi, nayang'ana misomali ngati yadyeka ndi dzimbiri, nakankha tsigiro uku ndi uku. Chakumbuyo, pafupi ndi tsigiro, adapeza thabwa limodzi lowola. Mnyamatayo adaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma agogo ake adangomwetulira. "Thabwa limodzi mmisiri amachotsa tsiku limodzi. Mimba yopapatiza palibe amene angaikuze."

Mwini chombo adafuna kuti akayese m'mamawa, nyanja ili bata. Mkuluyo adakana. Adati chombo chilichonse n'chabwino pa bata, choncho adikire tsiku la mphepo, ndipo akweze matumba a mchenga olemera ngati katundu weniweni. Tsikulo litafika, adayamba ndi chatsopano. Chidathamanga ndithu, mnyamatayo mpaka kuseka, koma atakhotetsa kuti mphepo iombe cham'mbali, mlomo wa chombo udatsikira kumadzi, mafunde nayamba kulowa, ndipo anthu awiri adagwira ntchito yokapa madzi mpaka kubwerera. Chakale chija chidanyamuka mwaulesi, koma chidapendekeka pang'ono n'kuima pomwepo, m'mbali mwake mutatsala mpata wa mkono wathunthu pamwamba pa madzi. Pokhota chidamvera tsigiro mosakakamiza.

Pobwerera kunyumba, mkuluyo adasimbira mdzukulu wake kuti tanga la ngodya zitatu lidafika panyanjayi ndi amalonda achiswahili. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Malonda oipawo adatha, koma luso lokhoma zombo ndi kusoka matanga lidatsala m'manja mwa anthu a m'mbali mwa nyanja, ndipo lidasanduka lonyamulira chakudya.

Mnyamatayo adagula chombo chakale, mtengo utatsika kaamba ka thabwa lija, ndipo ndalama zotsala adalipira mmisiri ndi kugula zingwe zatsopano. Anzake adamuseka kuti wachoka ku Joni kudzagula nkhalamba. Chobiriwira chija adagula ndi munthu wina wonyamula anthu ochepa ndi katundu wopepuka, ndipo chidamutumikira bwino, pakuti pa ntchito imeneyo chidalibe mlandu.

Mayeso enieni adadza mwezi wa Julaye chaka chotsatira. Ali ku Cobue, atakweza kale katundu, mayi wina adamuchonderera kuti awonjezere matumba asanu, nalonjeza kulipira kawiri. Ndalamazo ankazifuna, popeza mkazi wake adali ndi mwana wakhanda. Adayang'ana m'mbali mwa chombo, naona kuti mpata wa mkono uja watsala pang'ono kutha. "Pepani mayi, ndidzawatenga mawa," adatero. Zolemera adaziika pansi penipeni, pakati pa chombo, monga adamuphunzitsira agogo ake. Ali pakati pa ulendo mwera udakula. Adachepetsa tanga, nalunjika mafunde mopendekera, ndipo ulendo waufupiwo udawatengera nthawi yaitali kuwirikiza. Adakocheza dzuwa litalowa, onse ali chinyowere, koma palibe thumba kapena munthu amene adatsala m'madzi. Agogo ake adali chiimire padooko ndi ndodo yawo kuyambira masana. Sadanene zambiri, adangogogoda thabwa latsopano lija ndi ndodo, nati, "Lagwira."

Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu adzukulu, ambiri mwa inu simudzagula chombo, koma mudzasankha munda, nyumba, ntchito ndi bwenzi la moyo wonse. Muyambe mwadziwa katundu amene mukufuna kusenza, mufunse amene adayendapo, ndipo musapereke ndalama musanaone chinthucho pa tsiku la mphepo.