Cilumba Cokhala Pakhomo pa Eni

Pa gombe la Nkhotakota pali mkulu wina wobadwira ku Likoma amene sakondwera ndi mapu. Iye ati pa mapu cilumba ca kwao cioneka ngati mwanapiye wosokerera ku nkhuku ya eni. Ndipo sanama ai, pakuti munthu ataima pa Likoma aona nyumba za ku Cobue m'dziko la Mozambique, koma mtunda wa Malawi uli kutali, mbuu!

Nanga cilumbaci cinakhala bwanji ca Malawi? Sicinalandidwe ndi nkhondo. M'caka ca 1885 amishoni a U.M.C.A. anamanga mudzi wao pamenepo, ndipo pogawana dziko ndi Apwitikizi mu 1891, Angerezi sanalole kutaya amishoni aowo. Motero Likoma ndi Cizumulu zinatsalira kuno. Mu 1954 malire anasendezedwa kufika pakati pa nyanja, madzi ozinga zilumbazo nakhala a Apwitikizi, koma zilumba zinakhalabe za Nyasaland. Kumpoto mlandu wa malire unauma koposa: mu 1967 Tanzania inati malire ali pakati pa madzi, Malawi nagwiritsa pangano la 1890 lonena kuti ali m'gombe la kum'mawa.

Zonsezi mkuluyo azidziwa, koma comuwawa ncina. Amace anali a kutsidya, ndipo anaikidwa komweko. Caka cina anapalasa bwato kukalambula manda ao, ndipo pofika pa dooko anamfunsa ciphaso. Iye analoza mlambe umene amace agona patsinde pace. Wofunsayo anapukusa mutu, nafuna pepala.