Tinapita ku Kanengo Kukafuna Tikiti ya Sitima

Mwezi wathawu anatifikira mayi wina wa mphakati wa ku Mgona, lamya ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Mwana wa mlongo wawo, wobadwira ku Joni, amene sanapondepo dziko lino, anali atalemba kuti alikudza pa ndege kudzaona agogo ake amene anali gone kufupi ndi Nayuchi. Kuntchito anampatsa masiku asanu okha. Tsono mnyamatayo, ataona pa mapu kuti njanje ichoka ku Lilongwe nikafika ku Nayuchi, anatumiza ndalama kuti azakhali akewo amgulire tikiti ya sitima, akangotsika ndege akwere. Ndimo achitira kwawoko, pakuti kuyambira 2010 sitima ya Gautrain inyamula anthu pa bwalo la ndege la O. R. Tambo lomwe.

Ife tinali kudziwa kuti sitima za kuno nza katundu. Koma popeza nkhani inali ya matenda, sitinafune kuyankha za m'mutu, ndipo m'mawa mwake itatha Misa tinauyamba ulendo ndi mayiwo kunka ku Kanengo.

Wochoka ku Area 25 kudzera ku Mgona aona mudzi wothinana, wa nyumba za zidina ndi tinjira topapatiza, m'mene amayi agulitsa makala, usipa ndi tomato pakhomo. Patsogolo pake pali mafakitale, misika ya fodya ndi nkhokwe zazitali za chimanga zooneka patali. Pamenepo mpamene padzera njanje. Ana aizolowera, nayenda pa zitsulo zake ngati pa mlatho. Koma ambiri a iwo sanaonepo mkati mwa sitima ya anthu. Pa siteshoni tinapeza mabogi a katundu ali ndandanda, ndipo tinatsimikiza ndi maso athu kuti tikiti ya munthu siigulidwa pamenepo.

Njanje imeneyi njakale ndithu m'dziko muno. Inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, nipitirira ku Mchinji mu 1980. Nthambi yopatukira pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Chotero mapu sananame: zitsulo zilipo njira yonse. Koma sitima yonyamula anthu iyenda kumwera kokha, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, ndipo siiyenda tsiku ndi tsiku.

Pobwerera tinapumira pakhonde la mkulu wina wa mpingo, amene pa unyamata wake anakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Atamva za ulendo wathu anaseka pang'ono, natikumbutsa kuti ulendo wa ndege wolumikiza ndi sitima suli wachilendo kwa Amalawi. Masiku a Wenela amuna anali kukwera ndege kuno kukatsika ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo kumeneko ndiko anali kukwera sitima yokawatula ku migodi. Tikiti sanali kugula okha. Kampani inali kukonza zonse, iwo kwawo kunali kugwira pepala ndi kutsata mzere. Pamenepo mkuluyo anakhala chete, nadzatchula tsiku la 4 April 1974, pamene ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, nafa anthu 78, ochuluka a iwo Amalawi. Zitatero Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Tinawapempherera pomwepo akufawo, kuti Mulungu awapatse mpumulo wosatha.

Mawu a mkuluyo anatiunikira. Makolo athu anali kuyendetsedwa ndi ena, osadziwa njira. Ana a lero ayenda okha, ndipo wowauza njira ndi mbale wawo, palibenso wina. Mbaleyo akachita manyazi kunena zoona, kapena akangovomera ndalama nati zonse zili bwino, mlendo ataya tsiku lathunthu pa njira, ndipo tsiku limodzi kwa wodwala nlalikulu.

Madzulo omwewo mayiwo anamlembera mnyamata uja motere: kuti bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kunja kwa mzinda, ndipo sitima siifikako, kuti adzamchingamira iwo eni, nakagona naye ku Mgona, kuti m'bandakucha adzakwera basi pa depoti ya m'tauni, yodzera ku Dedza ndi ku Ntcheu, kukatsika ku Balaka, kuti kumeneko, tsiku likagwirizana ndi la sitima, tikiti adzagula pa siteshoni pomwepo, koma likasemphana asadikire, apitirire pa galimoto kudzera ku Liwonde. Anamuuzanso kuti ndalama zake zili zosungika, ndi kuti asinthe zina zikhale makwacha a m'thumba.

Mnyamatayo anadza. Tsiku linasemphana ndi la sitima, nayenda pa galimoto. Agogo ake anawapeza ali moyo, atalandira kale Sakramenti la Odwala, ndipo anakhala nawo masiku awiri athunthu.

Tsono inu makolo amene muli ndi ana kunja, musalole kuti akonze ulendo ndi mapu okha. Funsani kwa amene ayenda njirayo, ndipo muwalembere za mtunda uliwonse, kuyambira potsikira ndege kufikira pakhomo panu. Inunso anyamata amene mulikunka kunja, funsiranitu kwa wokulandirani ngati kumeneko kuli sitima, kumene igulidwa tikiti, ndi dzina la siteshoni yotsikira. Mulembe zimenezi pa pepala, pakuti lamya itha moto. Ndipo pa Korona ya madzulo m'banja mwanu musaiwale apaulendo onse, kuti Rafaele Woyera, amene anaperekeza Tobiyasi, awaperekezenso iwo.