Waya Wachitatu

Kwathu ndi ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, m'mphepete mwa msewu wa M1. Popeza Balaka ndi pafupi, anyamata ambiri tidakula tikusirira Alleluya Band, ndipo aliyense ankalakalaka kudzagwira gitala ya magetsi. Mwayi wanga udafika m'chaka cha 2019 pamene mpingo wathu udagula zida zogwiritsidwapo kale ntchito: gitala, kiyibodi, mayikolofoni awiri ndi ampulifaya imodzi yolumikizako zonsezi. Ine adandisankha kuti ndizisamala zidazo chifukwa ndinkadziwika ndi kukonza mawailesi.

Zidazo zidali ndi vuto limodzi. Masipika ankangolira ngati njuchi, ndipo phokosolo linkamveka kwambiri pa nthawi ya pemphero. Mnzanga wina adandinong'oneza kuti ndikadula waya wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, phokosolo litha. Pulagi ya ampulifaya idali yong'aluka kale, choncho ndidaitaya, n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi, n'kuwakhomerera ndi timitengo ta machesi. Wachitatuyo ndidamudula. Phokoso lidachepadi, ndipo akuluampingo adandiyamikira.

Kuyambira tsiku limenelo zida zidayamba kuluma. Mlomo ukakhudza mayikolofoni unkamva ngati wakumana ndi linthumbu, ndipo nsambo za gitala zinkanyerenyetsa zala. M'malo mochita mantha, tidazisandutsa nthabwala. Mayikolofoni tidawaveka masokosi kumutu, woimba gitala n'kumaponda pa thabwa. Tinkati zida zakale ndi momwe zimakhalira.

Loweruka lina m'mwezi wa Disembala tidakumana kuti tikonzekere nyimbo za Khirisimasi. Mvula idali itagwa usiku wonse, denga lidadontha ndipo simenti idali chinyontho chokhachokha. Mlongo wanga wamng'ono, yemwe ankatsogolera nyimbo, adavula nsapato pakhomo chifukwa cha matope. Atangogwira mayikolofoni sadakuwe ayi. Dzanja lake lidafumbata chitsulocho, thupi lili njenjenje, maso ali tong'o. Ndidathamanga kuti ndikamukoke, koma mkulu wa kwaya adandikankhira kumbali n'kuzula chingwe pakhoma. Mlongo wangayo adagwa pansi ngati thumba la chimanga.

Kuchipatala adati mtima uli bwino, koma chikhatho chidapsa. Kumudzi ena adayamba kunena kuti pali anthu ansanje amene sakondwa ndi mawu a mwanayo. Ine ndidangokhala chete, chonsecho mumtima ndinkadziwa dzanja limene lidagwira mpeni.

Patapita masiku atatu mpingo udaitana bambo wina wodziwa za magetsi wochokera ku Balaka. Atatsegula ampulifaya adapeza kuti waya wa moto wasupuka ndipo ukukhudza bokosi lachitsulo. Choncho mphamvu ya mavoti 230 inkafika pa bokosilo, n'kudutsa m'chingwe mpaka pa mayikolofoni ndi pa nsambo za gitala. Kenaka adanyamula kachidutswa ka waya ndidadula kaja.

"Uyu wadula ndani?" adafunsa motero.

"Ndine, bambo," ndidayankha nditazolika.

"Mwana wanga, waya ameneyu timamutcha ethi. Zinthu zikakhala bwino amaoneka ngati alibe ntchito. Koma moto ukasochera n'kufika pa bokosi, iye ndiye amautenga n'kupita nawo pansi, fyuzi n'kupsa, zida n'kuzima. Ukamudula, moto umafuna njira ina, ndipo njirayo ndi munthu amene waponda pansi ponyowa."

Adandionetsanso kuti fyuziyo imakhala m'kati mwa pulagi ya mano atatu, yomwe ine ndidataya kudzala. Kunena zoona, ndidachotsa alonda awiri tsiku limodzi. Safunsa adadya phula, koma phula langa adadya ndi mlongo wanga.

Ntchito yokonza sidatenge ngakhale ola limodzi. Bamboyo adaika pulagi yatsopano, adakulunga waya wosupukayo, ndipo adaona ngati ndodo yamkuwa yokhomedwa pansi kunja kwa tchalitchi ili yolumikizidwa bwino. Phokoso la njuchi lija lidatha atasintha chingwe cha gitala ndi kulumikiza zida zonse pa soketi imodzi.

Nditafika kuno ku yunivesite ndidawerenga za Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, yemwe adafa m'chaka cha 1972 ku Swansea atagwira mayikolofoni yopanda ethi pamaso pa anthu odzaonera. Ndidatseka bukulo thukuta lili kamukamu, chifukwa kusiyana kwa iye ndi mlongo wanga kudali mkulu wa kwaya amene adaima pafupi ndi khoma.

Mlongo wanga adandikhululukira ndipo amaimbabe, koma akamakweza dzanja poimba ndimaona chipsera chija. Masiku ano ndikaitanidwa kukaimba, ndisanachune gitala ndimayamba ndagwada kuseri kwa ampulifaya n'kuwerenga mano a pulagi. Akapanda kukwana atatu, gitala yanga siituluka m'chikwama.