Satifiketi ya masheya m'manja: kalata yochokera ku Johannesburg kupita ku Bandawe

Pa misika ikuluikulu ya masheya pali malonda otchedwa short selling, pomwe munthu amagulitsa masheya omwe si ake. Amawabwereka kwa broker n'kuwagulitsa mtengo uli pamwamba, akuyembekeza kuti ukagwa adzawagula motchipa n'kubweza. Zili ngati mayi wa geni ku Chintheche kubwereka ndowa khumi za usipa nthawi ya mwera, asodzi asakulowa m'nyanja, n'kudzabweza ndowa khumi zomwezo nyanja ikadekha, usipa utatchipa. Yotsala pakatipo ndiye phindu lake. Koma mtengo ukakwera, waluza.

Ena mwa masheya obwerekedwawo amakhala a anthu wamba omwe anawasiya m'manja mwa broker. N'chifukwa chake ogula ang'onoang'ono, makamaka a masheya a mtengo wotsikitsitsa otchedwa penny stocks, amalimbikitsana kuitanitsa satifiketi ya pepala, kapena kulembetsa masheya m'dzina lawo m'kaundula wa kampani. Masheya otere broker sangawabwereketse. Ambiri akatero, amati obwerekawo asowa pogwira, akakamizika kugula modula, mtengo n'kukwera.

Nzeruyi si yopanda mutu, koma yaliritsa anthu. Mu 2005, eni masheya a CMKM Diamonds, kampani ya ku Las Vegas yomwe inkati ikufufuza dayamondi ku Saskatchewan m'dziko la Canada, anagwirizana zoitanitsa masatifiketi awo. Sheya imodzi sinkakwana n'senti imodzi yomwe, ndipo iwo ankakhulupirira kuti amene akuipondereza ndi a short selling. Chonsecho akuluakulu a kampaniyo ndiwo anali atatulutsa masheya oposa 700 biliyoni n'kumawathira pamsika. Bungwe la SEC, loyang'anira misikayi ku America, linachotsa kampaniyo m'kaundula chaka chomwecho, ndipo mu 2008 linasumira ena mwa akuluakuluwo. Anthu pafupifupi 40,000 anali atagula. Mapepala anawalandiradi, koma mgodi kunalibe.

Ku South Africa phunziro lake linabwera ndi Steinhoff, yomwe inkalamulira masitolo a Pep ndi Ackermans. Pa 5 Disembala 2017 mkulu wake Markus Jooste anatula pansi udindo, ndipo sabata isanathe sheya inachoka pa R45 kufika pansi pa R10. Mu 2018 inatsika kufika pansi pa R2. A short selling monga Viceroy Research anapindula, ndipo ambiri anawakwiyira. Komabe kafukufuku wa PwC wa mu 2019 anapeza malonda abodza kapena osalongosoka a ndalama pafupifupi 6.5 biliyoni za euro m'mabuku a kampaniyo. Chinagwetsa Steinhoff chinali m'nyumba momwemo, ndipo satifiketi ya m'sutikesi sikanapulumutsa aliyense.

Nkhaniyi ikukhudza a ku Bandawe chifukwa njira ya ku Joni ndi yakale kwa Atonga. Kuyambira pamene mishoni ya Livingstonia inakhazikika kumeneko mu 1881, anyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga akhala akupita kummwera kukafuna ntchito. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi wa iwo. Ndalama za ulendowu zakhala zikugula malata, chilimira ndi injini ya boti. Lero mnyamata wosamalira maluwa panyumba ya bwana ku Sandton akhoza kugula masheya pafoni ndi R100, ndipo m'magulu a WhatsApp simusowa wina womuuza kuti "gula, gwira, usagulitse". Choyenera kufunsa asanatulutse ndalama ya thukuta lake n'chakuti kampaniyo imagulitsa chiyani, ndipo mabuku ake anawafufuza ndani.

Kumudzi vuto la pepala ndi lina. Msika wa Malawi Stock Exchange unayamba kugulitsa masheya mu Novembala 1996 ndi kampani ya NICO, ndipo omwe anagula zaka zoyambirira, kaya a Illovo, a National Bank kapena a TNM mu 2008, ankalandira satifiketi. Mu 2018 malonda anasamukira pakompyuta, ndipo masheya amasungidwa ku CSD, nkhokwe yomwe inakhazikitsidwa ku Reserve Bank of Malawi. Amene akusungabe pepala lija pansi pa sutikesi, pamodzi ndi chikalata cha ukwati ndi khadi la ubatizo, sangagulitse mpaka atalipereka kwa broker, monga Stockbrokers Malawi ku Blantyre, limodzi ndi chiphaso cha unzika, kuti amutsegulire akaunti. Pepala likadyedwa ndi chiswe kapena kunyowa ndi mvula ya ku Nkhata Bay, pamafunika kulumbira kuti latayika asanapatsidwe lina. Mwini wake akamwalira, ana amayenera kubwera ndi chikalata cha imfa komanso makalata a khoti oyendetsera chuma cha masiye, masheyawo ndi phindu lake losatengedwa zisanalembedwe m'maina awo.